Mchenga wa Pansi pa Tebulo

Lolemba, 3 Malichi

Mvula m'mawa. Nsapato yakumanzere yayambanso kumwa madzi. Ku labu magetsi alipo, zachilendo.

Makina ofinyira dothi abwerako kokonzedwa. Abwana akuti ndiwayese kaye ndi dothi lililonse lotsala tisanayambe kuwakhulupirira. Ndalowa m'chipinda chozizira kukasakasaka. Kuseri kwa shelefu, pansi penipeni, chubu chimodzi cha dothi la ku doko latsopano. Chinagubudukirako liti, kaya. Phula lomwe timamatira kukamwa kwake lili bwinobwino, silinang'aluke.

Ntchito ya ku dokoyo tinamaliza mwezi watha. Mtsetse wamchenga pansi pa madzi, pomwe akufuna kukhoma mizati yachitsulo. Funso la eni doko linali limodzi: tikayamba kukhoma, mtsetsewo ugumuka kapena ayi? Machubu onse anati ayi. Mchenga wolimba ngati anathiramo simenti. Mnzanga wa m'labu, Wamagalasi, anaika manambala mu kompyuta yake, nayo inavomera. Ndinasaina, abwana anasaina. Chinyundo chiyamba sabata yamawa.

Achimwene ali komweko, pa chombo cha miyendo inayi chomwe anzawo amachitcha Tebulo. Miyendo yake inazikika mu mtsetse womwewo. Ndi iwo anatikumbira machubuwa, ndi iwonso adzaime pafupi ndi chinyundo. Amagona pomwepo, kunyumba ndi Loweruka ndi Lamlungu basi. Zolemba pa chubuchi ndi dzanja lawo, zilembo zopendekera ngati zalawako. Ndaseka ndekha m'kuzizira muja.

Ndadula kachidutswa, ndakaveka kampira kake, ndakaika m'makina. Kamwe madzi kaye mpaka kakhute. Dothi silifulumizidwa. Mawu amenewa ndimawanena kawirikawiri moti Wamagalasi amandiyeserera, mpaka ndi kaimidwe komwe.

Lachitatu, 5 Malichi

Sindikudziwa kuti ndilembe bwanji.

Mchenga wa ku dokowo ndimaudziwa. Ukaufinya umakana, umadzitukumula, muvi wa geji ya madzi umabwerera m'mbuyo. Lero ayi. Ndangofinya pang'ono chabe, muvi wayamba kukwera. Ndachotsa dzanja. Sindinawonjezere kanthu, manja ali pachifuwa. Muvi ukukwerabe wokha, pang'onopang'ono, ngati pali wina akuukankha mkatimo. Kenako kachidutswa kaja kangokhala pansi mkati mwa kampira, mmene amachitira munthu mawondo akalobodoka. Phokoso ayi. M'labu muli zii, firiji yokha ikung'ung'udza.

Nditatsegula, phala lokhalokha. Latuluka pakati pa zala zanga. Fungo la m'chitsime chomwe anasiya kutungamo kalekale. Ndasamba m'manja kawiri, likumvekabe.

Wamagalasi wabwera ndi kapu yake, wasuzumira. "Makina akowa akonza ndi amisiri a njinga." Ndaseka, ndavomera. Ndimafuna zikhale zoona.

Komabe ndadula kachidutswa kena, ndakaika m'makina akale aja omwe sanadwalepo.

Dzino lakumbuyo layambanso. Buledi wa pa kona wasanduka mphepo yokhayokha.

Lachisanu, 7 Malichi

Makina akale nawo chimodzimodzi. Muvi kukwera wokha, mchenga kukhala pansi. Nthawi ino Wamagalasi anaima pambali panga. Sananenenso za njinga.

Masana ndatulutsa machubu opanda kanthu aja, omwe tinayesa mwezi watha, ndawandandalika pa benchi. Onse ndi otiwikatiwika kunsi, m'mphepete. Ichi chokha n'chosalala. Ndakumbukanso kuti m'machubu ena aja phula linali lochindikala pamwamba, mchenga unayambira patali. Mu ichi mchenga unafika pakamwa penipeni. Ndinaziona nthawi imeneyo, ndinangoti ndi kakumbidwe. Tanthauzo lake sindikulipeza. Mutu waima.

Ndaimbira achimwene nthawi yopuma. Mawu akuduladuka. Ali bwino, akuti, kupatula kuti pa Tebulo pabwera mzukwa. Chitseko cha kachipinda kawo chayamba kutseguka chokha. Akachikankha chimatseka, akatembenuka chatsegukanso, mwaulemu, ngati wina akuodira. Anzawo akuti ndi mkazi wa pansi pa madzi akufuna banja, ndipo wasankha iwowo chifukwa cha dazi. Iwo kuseka mpaka kutsokomola.

Ndafunsa ngati chitsekocho chimatero kale. Ayi, akuti, chayamba sabata ino.

Chitseko sichitseguka chokha pokhapokha nyumba itapendekeka. Sindinawauze.

Lamlungu, 9 Malichi

Kwa achimwene masana. Alamu anathira tiyi, shuga anatha m'chitini. Achimwene anatsegula pakete, n'kuyamba kukhuthulira. Chitini chinadzaza, shuga wina anatsala. Anachinyamula, n'kuchigunditsa pa tebulo, gu, gu, gu. Shuga anatsika. Anathira wotsala uja, n'kutseka.

"Ngati machubu ako aja, Dokotala wa Matope."

Ndinafunsa kuti machubu anga atani. Anafotokoza monyadira abale, chifuwa patsogolo. Chubu chikatuluka m'madzi mchenga umakhala wotakasuka, umasefukira, chivindikiro sichigwira. Ndiye amachigunditsa pa chitsulo cha pansi mpaka mchenga utakhazikika, kenako phula, kenako kutseka. Nzeru yawo yomwe, ndipo anaphunzitsa gulu lonse. "Ndimati mlongo wanga asalandire zotayikatayika, anzake angamuseke." Chimodzi chokha anachitseka osagunditsa, tsiku lomwe chimvula chinawathamangitsa. Mpaka lero chimawachititsa manyazi, akuti.

Kapu ndinaiika pansi bwinobwino kuti ndisaiponye.

Mwezi wathunthu ndakhala ndikuyesa mchenga womwe kulibe. Wolimba uja anaulimbitsa ndi manja a achimwene. Weniweni, womwe wanyamula Tebulo, ndi phala lija.

Ndinakalipa. Mawu anga onse sindikuwakumbukira, ndipo ndi bwino. Za kusafunsa, za kudziyesa odziwa, zoti munthu wamkulu ndevu pepeya akuseweretsa ntchito ya anthu. Munthu amene anandibereka kumsana mayi atamwalira. Iwo anangoyang'ana chitini chija, zala zikusisita chivindikiro.

Alamu ndi amene anandidula. "Alamu, munawauzapo kuti asamatero?" Ayi. Palibe anawauza. Tinangoti machubu aziima chilili, amatidwe phula. Ndani akanaganiza? Ndiye n'kuwakalipira chani?

Achimwene anandiperekeza ku basi. Anandinyamulira chikwama monga kale.

Lolemba, 10 Malichi

Abwana anamvetsera mpaka kumapeto, zimenezo ndiwayamikire. Anavula magalasi, kupukuta, kuvala, kuvulanso. Si munthu woipa. Ndi munthu wamantha amene anasaina.

Akuti chubu chimodzi sichingatsutse gulu lonse. Mwina chinaonongeka pogwa kuseri kwa shelefu. Mwina pamalo pamenepo pokha ndi pofewa. Sangaimbire eni doko n'kunena kuti imitsani ntchito, mlongo wa wantchito wanu waona shuga. Akufuna machubu atsopano, osagunditsa, ndiye adzakhala ndi pogwira. Chinyundo chiyamba mawa monga anakonzera.

Ndinati mawa lomwelo pa Tebulo pali anthu. Anati akudziwa. Kunena zoona nkhope yawo inali yotuwa.

Ndaimbira achimwene. Ndawapempha machubu ena, akumbe pafupi ndi mwendo wa kunyanja, atseke momwe atulukiremo, awagwire ngati mazira. Avomera msanga, msanga kwambiri. Akuti apempha kapitawo wawo, chokumbira chikadali pomwepo. Mawu awo ngati a mwana amene waswa mbale.

Kenako ndawapempha china. Atsikepo. Anene kuti akudwala, msana, m'mimba, chilichonse. Anati, "Nanga anzangawa ndiwauze kuti nawonso adwale?"

Aliuma ngati bambo. Ndadula foni ndisanalire.

Lachiwiri, 11 Malichi

Chinyundo chayamba. Ndachimva pa foni kumbuyo kwa mawu awo. Du. Kenako bata. Du. Ndinasiya kumva zomwe ankanena, ndinkangodikira kugunda kotsatira.

Nkhani za lero za pa Tebulo: tiyi m'kapu sakukhala mowongoka, mbali imodzi wakwera. Pensulo ukaisiya pa benchi imagubuduka, nthawi zonse kulowera kunyanja. Anzawo akupikisana nazo. Mbalame zomwe zimatera pa chitsulo kudikira nyenyeswa sizinabwere dzulo, leronso ayi. Wophika akuti zathawa phokoso. Dzulo kunalibe phokoso.

Sindingakhale manja lende. Ndatsuka thanki yagalasi ija ya m'kona, yomwe timaonetsera alendo. Ndadzaza madzi. Mchenga wotsala wa m'chubu chija ndi wa m'matumba a ku dokowo ndikuuwaza pang'onopang'ono pamwamba kuti utsike wokha, ukhale momwe umakhalira pansi pa nyanja, popanda woutsendera. Ntchito yotopetsa, mkono wachita dzanzi. Mtsetse ukumera pang'onopang'ono kuseri kwa galasi.

Wamagalasi wapanga katebulo ka thabwa ndi misomali inayi. Sindinamutume. Wakaimika pa mtsetsepo ndi zala ziwiri, osapuma. Kenako wabwerera ku kompyuta kukaikamo manambala a phala lija. Chithunzi chake chonse chasanduka chofiira. Wazimitsa, wayatsanso. Chofiira.

Madzi a m'thanki ayera mbee. Katebulo kaima. Aliyense m'labu akuyenda monyang'ama popanda womuuza.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndinawaitana abwana kudzaona thanki. Anabwera ndi foni m'manja. Ndinati agogode galasi ndi cholembera, pang'ono, monga chinyundo. Anagogoda. Palibe. Anagogodanso, kangapo, mwamphamvu. Katebulo kali chiimire, mchenga uli phee.

Manyazi! Ndinafuna pansi patseguke. Anamwetulira mwachisoni, n'kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, tidikire machubu. Anatembenuka. Anafika mpaka pakhomo.

Ine ndinali ndikuyang'anabe. Pa mtsetsepo panatuluka kakasupe kamodzi, kamchenga kakubwadamuka ngati nyerere zikufukula. Kena pambali pake. Kena. Palibe amene ankakhudza thankiyo. Ndinati, bwana, ndi mawu omwe sindikuwadziwa. Atacheuka, mtsetse wonse unanyamuka pamodzi, osathamanga, ngati nsalu ikutsetsereka pa chingwe. Katebulo kanagwada miyendo iwiri, kanagona chammbali, mchenga n'kukafunditsa. Pamwamba madzi sanagwedezeke n'komwe. Chimenecho ndiye chandidetsa nkhawa kwambiri. Munthu woima pagombe sangaone kanthu.

Wamagalasi anati, "Sikugwa nthawi yomwe ukugogoda. Kumadikira."

Abwana anakhala pa situlo yanga. Anaimba foni pomwepo. Ndinawamva akunena kuti lipoti lathu ndi lolakwika, kawiri, chifukwa wa mbali inayo sanamve kapena sanafune kumva. Ndawakhululukira za Lolemba.

Achimwene madzulo ano: machubu akumba atatu, ali m'kachipinda kawo, awakulunga m'bulangete lawo lomwe, iwo akufunda jekete. Pafupi ndi mwendo wa kunyanja pakutuluka thovu, madzi ake ofiirira ngati tiyi wamkaka. Za mzukwa sananenenso.

Lachisanu, 14 Malichi

Chinyundo chaima! Anthu onse awatsitsa m'mawa ndi boti, anawauza kuti atenge za m'manja zokha. Achimwene ali pamtunda. Pamtunda, pa dothi louma lomwe ndingalipondeponde ndekha. Ndavina m'chipinda chozizira momwe simuona munthu. Pobwerera ndagula nsapato, zothina pang'ono, zilibe kanthu.

Koma eni doko sanakondwe. Akuti thanki ndi zidole za ana. Pofika Lolemba akufuna umboni wa dothi lenileni, apo ayi apeza labu ina ndipo anthu abwerera pa Tebulo.

Ndaimbira achimwene kuti machubu awatumize ndi galimoto ya mawa. Anatsala, akuti. Kapitawo anawakaniza kubwerera m'kachipinda, boti linkadikira.

Ndinali wotopa, dzino likugunda, nsapato zikuluma. Ndinati, "Chinthu chimodzi chomwe ndinakupemphani, n'chomwe mwasiya."

Anati, "Chabwino, Dokotala." Basi.

Ndiwaimbira mawa, ndipepese. Za machubu tiona Lolemba, abwana angathe kupempha masiku ena. Chachikulu n'choti atsikapo.

Lolemba, 17 Malichi

Loweruka m'mawa ndinachapa kaye. Ndimati ndiimba ndikayanika.

Woyendetsa boti wabwera yekha ku labu lero, chipewa m'manja. Sanafune kutuma munthu. Akuti achimwene anamupeza Loweruka lomwelo dzuwa litatuluka kale, anamupempha kuti awaolotse, kanthawi kochepa, akatenge katundu wa mlongo wawo. Nyanja inali bata ngati m'beseni. Anakwera makwerero. Anatsika ndi chubu choyamba atachifungatira, anamupatsa m'manja, n'kumuuza kuti asachigoneke, asachigunditse, achigwire ngati mwana. Chachiwiri chimodzimodzi, chokulunga m'bulangete. Anakweranso kukatenga chachitatu.

Akuti phokoso sanamve. Anangoona thovu likutuluka mozungulira boti, paliponse, ndi fungo la chitsime. Kenako makwerero anayamba kumutalikira. Tebulo linagwada, pang'onopang'ono, moti anaganiza kuti ndi maso ake. Anaitana. Chitseko cha kachipinda chinali chotsegula, anachiona bwinobwino. Munthu sanatulukemo.

Madzi atabwerera m'malo munalibe chilichonse. Ngakhale thabwa. A pagombe ena sanadziwe mpaka atamva kukuwa kwake.

Anapalasa ndi dzanja limodzi injini itazima, lina litagwira machubu kuti asagwe. Anawasunga kunyumba kwake chilili, pakona, anawaletsa ana kuyandikira. Lero wawanyamula pamiyendo mu basi.

Ali pa benchi panga. Bulangete likununkha dizilo ndi sopo wawo uja. Pa chubu chilichonse zilembo zopendekera: SITINAGUNDITSE.

Abwana akuti ndipite kunyumba. Kukatani?

Lachitatu, 19 Malichi

Akatswiri olowa pansi pa madzi anafika dzulo ndi zida zawo zonse. Sakulowa. Mkulu wawo akuti theka la mtsetse likadalendewera pamwamba pa pomwe pagona Tebulo, sangatsitse anthu ake asanadziwe ngati lotsalalo likhala kapena litsatira. Sindikumuda. Ndikanakhala ine ndikananena zomwezo.

Woti ayankhe ndi ife. Dothi loona la pamalopo lilipo machubu awiri okha padziko lonse, ndipo ali pa benchi panga.

Ndinadula kachidutswa Lolemba lomwelo. Mchenga wofika pakamwa penipeni, wotakasuka, phula lopyapyala lomata mwaukhondo. Sindinalandirepo chubu chabwino chonchi chiyambire ntchito. Ndilibe womuuza.

Kakumwa madzi. Ndikakafinya kasanakhute, kandinamiza, ndipo ndituma ana a eni pansi pa phiri la phala. Ndikadikira, achimwene akhalabe kumeneko.

Alamu abwera m'mawa. Kunyumba kwadzaza anthu, koma maliro opanda mtembo sadziwa kuti ayambire pati, akungokhala n'kumayang'anana. Akuti bola kuno. Ndawapatsa situlo pafupi ndi makina. Anyamula jumbo, muli malaya oyera ndi thalauza la achimwene, zosita. Za mawu anga a Lachisanu sakudziwa. Kapena akudziwa, kaya. Sanafunse chifukwa chomwe amuna awo anabwererako.

Ayang'ana muvi wa geji nthawi yaitali. Kenako, motsitsa, "Alamu, simungafulumizeko pang'ono? Kumeneko kukuzizira."

Mawu anga aja, oti dothi silifulumizidwa, anafika pakamwa okha. Ndawameza. Wamagalasi wadzuka, watuluka panja, kapu waisiya.

Ndati mawa, mwina. Agwedeza mutu. Takhala. Dzuwa pawindo, firiji ikung'ung'udza, muvi uli pomwe unali.

Chitseko cha chipinda chozizira loko wake ndi wakale, ndikudziwa, ndakhala ndikunena kuti akonze. Pompano chatseguka chokha, pang'onopang'ono, mwaulemu. Tonse awiri taimirira